Klorokwini, ma proton ndi ana a ku Ndirande

Abale anga a ku Ndirande, mumandifunsa kuti kuno ku Australia ndimatani mu labotale. Ndimayeza mmene ma proton, tinthu timene timawawasitsa asidi, amadutsira pa kachikopa ka mafuta kokuta selo. Musathawe, nkhaniyi ndi ya malungo.

Kachilombo ka malungo kamagayira magazi athu m'kathumba kake kodzaza asidi. Klorokwini akalowamo amagwirana ndi ma proton, ndiye sangatulukenso. Amangounjikana mpaka kachilomboko kufa. Koma m'kachilombo kosamva mankhwala, khomo lotchedwa PfCRT linasinthika, ndipo limatulutsa klorokwiniyo pamodzi ndi ma proton ake. Mu 2008 Adele Lehane ndi Kiaran Kirk a ku Canberra anayeza kudontha kumeneku.

Ife kuno timalowetsa utoto wowala m'kathumbako. Asidi akamachepa kuwala kumasintha, kompyuta n'kumajambula mzere. Tizilomboto timachita kuweta m'mabotolo, ndipo anzanga ambiri sanaonepo mwana akukomoka ndi malungo.

Kwathu muyeso wake ndi wina: kubaya chala, dontho la magazi pagalasi, maikulosikopu, ndi mayi wobereka mwana kumbuyo amene wabweranso pa tsiku lomwe anauzidwa, ngakhale kuti geni yake yaima. Malawi anali dziko loyamba mu Africa kusiya klorokwini, mu 1993, n'kuyamba Fansida. Ku Blantyre tizilombo ta khomo losinthika lija tinatsika kuchoka pa 85 mwa 100 mu 1992 kufika pa 13 mu 2000. Kenako mu 2005, pa chipatala cha Ndirande pomwepo, kafukufuku wa ana 210 anapeza kuti klorokwini akuchiza 99 mwa 100, Fansida 21 okha. Makina athu akunowa sakanatha kuuza dziko zimenezo. Amene anauza dziko ndi amayi aja.

Chonde musakagule klorokwini pagolosale chifukwa cha ine. Kayezetseni, ndipo mankhwala ake ndi LA, monga zakhalira kuyambira 2007.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kuti ndione mkati mwa kachilombo ka kwathu ndinachita kukwera ndege. Akatswiri alipo ku KUHeS ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome pa chipatala cha Queens. Ndikufuna mtsikana wa ku Bangwe kapena ku Machinjiri azikwera minibasi m'mawa, n'kukayeza ma proton amenewa ku Ginnery Corner.