Nyamakazi ya m'manja: choko, peni yofiira ndi fodya

Lero tikambe za manja. Mphunzitsi amadyera manja ngati mlimi, kungoti khasu lathu ndi choko ndi peni yofiira. Ine nyamakazi inandigwira patsinde pa chala chachikulu ndi pamfundo pomwe timavala wotchi, ndipo kukazizira mu Juni ndi Julaye ngakhale batani la shati limandikanika.

Kuno ku Kasungu sindili ndekha. Makolo a ana athu amasoka fodya, kupachika m'zigafa, kusankha tsamba ndi tsamba, kudinda mabelo pa jeke. Belo likamafika ku okushoni ya ku Chinkhoma, zala zimakhala zitagwira kambirimbiri. Mukamapatsana nawo moni pamsonkhano wa makolo muzidzaona: mfundo zotupa, zala zokhota. Ambiri amangogula bulufeni pagolosale, ena amatemera mphini. Bulufeniyo amachepetsadi ululu, koma kumwa tsiku ndi tsiku kumawononga m'mimba ndi impso, makamaka kwa achikulire.

Chomwe chinandithandiza ine ndi fiziyo. Mayi amene anandiona kuchipatala anandifotokozera kuti kumapeto kwa mafupa kuli kachichereweche kosalala, ndipo kakamatha mafupa amakhulana. Sikameranso. Koma mfundo imachirikizidwa ndi minofu yoizungulira, ndiye dzanja likangokhala osagwira ntchito minofu imafooka, mfundo n'kuuma kwambiri. Ndinayankha kuti, "Mayi, ine dzanja limagwira ntchito tsiku lonse." Anaseka. Anati kufinya peni maola atatu ndi kupanikiza mfundo imodzi malo amodzi, si kulimbitsa dzanja ayi.

Ndiye m'mawa ndimaviika manja m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10, ofunda chabe osati owotcha. Kenako ndimatambasula zala, kuzipinda pakati ngati mbedza, n'kufumbata pang'onopang'ono. Chala chachikulu chimakhudza nsonga ya chala chilichonse, kupita ndi kubwerera. Ndimasanjika mkono patebulo, dzanja likulendewera m'mphepete, n'kumalikweza ndi kulitsitsa. Chilichonse kakhumi basi. Lamulo lake ndi lakuti kuwawa pang'ono n'kololedwa, koma ululu ukapitirira maola awiri mwatha, ndiye kuti mwaonjeza, mawa muchepetse. Mfundo ikatupa n'kumatentha, tsiku limenelo madzi ofunda ayi: nsalu yonyowa yozizira ndi kupumitsa.

Chinandidabwitsa n'choti theka la fiziyo ndi kusintha kagwiridwe ka zinthu. Peni yanga ndinaikulunga kansalu ndi labala kuti inenepe, ana a Fomu 2 amaitcha chinangwa. Mulu wa makope ndimaunyamula pamikono yonse iwiri, osati kuupana ndi zala. Pochonga mayeso a moko ndimaima pakatha mphindi 20 zilizonse. Kapulasitiki kochirikiza chala ndimavala polemba pabolodi pokha. Ululu sunathe, ndisakunamizeni, koma patapita miyezi iwiri ndinayambanso kumaliza manotsi a piriyodi yonse osasinthira kumanzere.

Chenjezo limodzi. Ngati manja onse awiri atupa mofanana, ndipo m'mawa amauma kupitirira ola, mwina ndi nyamakazi ina ija imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo zake zomwe. Imakonda amayi, ngakhale achitsikana. Imeneyo beseni lokha silingaithe, imafuna dokotala ndi mankhwala monga methotrexate msanga, zala zisanapindike.

Akatswiri a fiziyo ndi ochepabe m'dziko muno. Maphunziro a digiri yake anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe kuyambira 2021 ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Bungwe la MAP, limene akuluakulu timalikumbuka kuti Malawi Against Polio, ndi limene kwa zaka zambiri linkafikitsa chithandizo chotere m'maboma. Inu a Fomu 4 yakale amene munakhoza bwino Biology, ganiziraninso ntchito imeneyi. Ndipo amene mukupita kumudzi holide ino, tengani beseni mukawaonetse agogo. Mukawauze kuti posankha fodya azipumira, aviike manja madzulo, ndipo jeke asiyire anyamata.