Thumba la Dothi la kwa Likoswe

Pa kamsika kena ka m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe, m'boma la Chiradzulu, pali khonde la sitolo pamene bambo wina wakhala akukonzerapo mawailesi kwa zaka zoposa makumi awiri. Zida zake n'zowerengeka: chomasulira, kampeni kakale, ndi chitsulo chowotcherera mawaya chimene amachitenthetsa pa mbaula ya makala. Akafuna kudziwa ngati batire ikadali ndi moto, amalumikiza kawaya n'kulawa ndi lilime. Wailesi ikabwera ikulira mosasa mawu, iye amaitsegula kumbuyo, natchera khutu kwa kanthawi, kenaka n'kuloza ndi chala kachipangizo kamene kafa. Kawirikawiri salakwitsa.

Mwana wake wachisamba, mtsikana, anakulira pakhonde pomwepo. Akaweruka ku sukulu, ntchito yake inali yokupiza moto pa mbaula kuti chitsulo chisazizire. Tsiku lina anafunsa kuti, "Bambo, mwadziwa bwanji kuti chafa ndi ichi?"

"Khutu limazolowera, mwanangu," anayankha bamboyo osadzutsa mutu.

Yankho limeneli silinamukhutiritse mtsikanayo, ndipo analisunga mumtima kwa zaka zambiri. Pa sukulu ya sekondale yoyendera imene anaphunzirapo, za magetsi ankaziphunzira ndi choko. Aphunzitsi ankajambula batire, babu ndi mawaya pa bolodi, ophunzira n'kukopera m'makope, naloweza malamulo ake ngati ndakatulo. Mtsikanayu ankakhoza bwino masamu ndi sayansi, koma ankadziwa yekha kuti zimene amalemba pa mayeso ndi zimene bambo ake amachita ndi manja zinali ngati midzi iwiri yoyang'anana popanda mlatho pakati.

Sikuti maphunziro apamwamba anali nkhani yachilendo m'deralo. Ku Mbombwe, m'boma lomweli, John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900 atabwerako ku maphunziro ku Lynchburg m'dziko la America, ndipo dzina lenileni la mishoniyo likusonyeza kuti ankafuna anthu ophunzira ndi mutu ndi manja omwe. Ku Nguludi, kufupi ndi kwawo kwa mtsikanayu, yunivesite ya Katolika inayamba kulandira ophunzira m'chaka cha 2006. Kutsidya kwa malire, ku Ndata m'boma la Thyolo, yunivesite ya sayansi ya MUST inatsegulidwa m'chaka cha 2014. Iye ankawaona ophunzira a m'sukuluzi akukwera ndi kutsika maminibasi mu msewu wa Midima, zikwama za makompyuta zili kumsana. Koma m'chaka cha 2019 dzina lake linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku Polytechnic, ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, kukaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta. Sukuluyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, ndipo iye ali pakati pa maphunziro ake, mu 2021, inachoka pansi pa Yunivesite ya Malawi n'kuima payokha ndi dzina loti Malawi University of Business and Applied Sciences.

Anthu ambiri akamva za sukulu ya makompyuta amaganiza za chipinda chozizira chodzaza ndi makina, ophunzira ali ndondondo kutayipa. Chipinda chotero chilipodi, ndipo m'menemo ndi mmene wophunzira amazolowera kulemba malangizo amene kompyuta imatsata. Koma wophunzira uinjiniya sangathere pamenepo. Iye amayenera kudziwa zimene zili m'mimba mwa makinawo, ndipo zimenezo amaziphunzira m'labotale ya zamagetsi, chipinda cha matebulo aatali pamene pamakhala mamita oyezera mphamvu ya magetsi, timatabwa tamabowo tobayapo tizipangizo popanda kuwotcherera, ndi zitsulo zowotcherera zoyendera magetsi, zosafuna mbaula kapena wokupiza.

Mwa zonse zimene anazipeza m'chipindamo, chimene chinamugwira mtima ndi makina otchedwa oscilloscope. Makinawa ali ndi galasi laling'ono limene limajambula magetsi mmene akuyendera. Magetsi a m'nyumba sayenda molunjika ngati madzi a mu mpopi, koma amapita uku n'kubwerera uko, maulendo 50 pa sekondi imodzi, ndipo pagalasipo amaoneka ngati mafunde a pa nyanja ya Chirwa. Wailesi siingagwire ntchito ndi mafunde otero. Magetsiwo amayenera kuchepetsedwa mphamvu, kuwongoledwa kuti aziyenda mbali imodzi, kenaka n'kusalazidwa ndi kachipangizo kooneka ngati kachitini kotchedwa kapasita, kamene kamasunga magetsi funde likakwera n'kuwatulutsa likatsika. Tsiku limene anaphunzira zimenezi, aphunzitsi anawauza kuti azule kapasita n'kuyang'ana pagalasi. Mzere umene unali wowongoka unasanduka timapiri totsatizana. Atalumikiza sipika, m'chipindamo munamveka kulira kwa pansipansi ngati kwa njuchi zili m'phanga.

Mtsikanayu anaima chilili. Kulira kumeneko ankakudziwa kuyambira ali mwana. Ndi kumene bambo ake ankakutchera khutu wina akabweretsa wailesi yolumikiza ku magetsi, asanaloze kachitini kotupa n'kunena kuti kafa ndi aka. Zimene iwo ankazimva, iye tsopano ankaziona, ndipo ankatha kuziyeza ndi kuzilemba m'manambala kuti wina wosazolowera khutu azimvetse. Madzulo ake anaimba lamya kumudzi nafotokoza mwaphuma. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka nati, "Ndiye boma likukuphunzitsa zimene ndikanakuuza ulere?"

Labotale ndi malo amenenso munthu amaloledwa kulakwitsa, ngakhale kuti kulakwitsako kuli ndi mtengo wake. M'chaka chake chachiwiri anasemphanitsa mawaya awiri, ndipo kachipangizo kena kanatulutsa utsi n'kununkha. Iye anachita mantha kwambiri poganiza kuti amulipiritsa ndalama zimene analibe, mwakuti anafuna kukabisa m'thumba. Bambo amene ankayang'anira zipangizo m'chipindamo anali ataona kale. Sanamukalipire. Anamupatsa buku namuuza kuti alembe chimene analumikiza, chimene chinachitika, ndi chimene akuganiza kuti chinachititsa. "Mukabisa, mawa mnzanu adzaotchanso china," anatero. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma m'ntchito imeneyi wobisa cholakwa amadyetsa phula anzake.

Pa sukulupo palinso chipinda china chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2016 mogwirizana ndi Rice University ya ku Houston, momwe ophunzira amapangiramo zinthu zatsopano zoyankha mavuto a kuno kwathu. Ubale wa yunivesite imeneyo ndi madokotala a pa chipatala cha Gulupu, chimene chili pafupi ndi sukuluyi, ndi umene unabala makina otchedwa Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kuti azipuma bwino. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, sukulu zonse n'kutsekedwa m'mwezi wa Marichi, m'chipinda chimenechi munapangidwa zotchinga kumaso za ogwira ntchito m'zipatala ndi zosambira m'manja zosafuna kugwira mpopi. Mtsikanayu miyezi imeneyo anali kumudzi, atabwerera pa ntchito yake yakale ya pa mbaula.

Kenaka kunabwera mwezi wa Marichi wa chaka cha 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula usana ndi usiku m'maboma a kumwera, ndipo mapiri anayamba kugumuka. Ku Soche mu mzinda wa Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe matope ndi miyala zinakwirira nyumba, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo. M'dera la Likoswe, mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Banja la mtsikanayu linapulumuka, koma pa shelefu ya bambo ake panatsala mawailesi atatu amene eni ake sanabwerenso kudzawatenga. Iliyonse inali ndi kapepala ka dzina komata kumbuyo. Bambowo sanawagulitse, ndipo sanazulemo kachipangizo ngakhale kamodzi kuti akonzere wailesi ya wina.

Makolo amatcha zoterezi napolo, ndipo amati ndi chinjoka chimene chimasamuka m'phiri kupita kunyanja, chikugumula zonse m'njira yake. Anthu a ku Zomba amakumbukira napolo wa 1946, a ku Phalombe wa 1991. Munthu asafulumire kuseka kufotokoza kumeneku, pakuti kumasunga chinthu choona: napolo ali ndi njira zake, ndipo kumene anadutsa kale akhoza kudutsanso. Akatswiri amafotokoza kuti mvula ikagwa masiku angapo, madzi amadzaza timipata tonse ta m'dothi, dothilo n'kulemera pamene mphamvu yake yogwirana ikuchepa, mpaka limatsetsereka pamwamba pa thanthwe, makamaka pamene mitengo inadulidwa. Nthambi yoona zanyengo inachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike. Koma chenjezo la pa wailesi limanena za chigawo chonse. Silingauze mayi wa m'tsinde mwa phiri lakutilakuti kuti dothi la kumtunda kwa nyumba yake lakhuta madzi usiku uno.

Funso limenelo ndi limene mtsikanayu analitenga kukhala kafukufuku wa chaka chake chomaliza. Anafuna kupanga kachida koyeza mvula ndi chinyezi cha m'dothi, kotumiza uthenga pa lamya ya m'manja zinthu zikafika poopsa. Mvula anaiyeza ndi kandowa kogawika pawiri kamene kamapendeka mbali imodzi ikadzaza, kupendeka kulikonse n'kumawerengedwa. Chinyezi anachiyeza ndi timapanda tozika m'nthaka. Zonsezi anazilumikiza ku kakompyuta kokwana m'chikhatho kotchedwa Arduino, kokhala ndi khadi la lamya ndi kagalasi kotapa mphamvu ya dzuwa. Tizipangizo tambiri mwa timeneti timachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Iye anagula kamodzikamodzi, ndipo nthawi imeneyi sanasemphanitse waya.

Kulumikiza kunatha m'masabata ochepa. Chovuta chinali kudziwa tanthauzo la manambala amene kachidako kankatulutsa. Aphunzitsi omuyang'anira anamufunsa kuti, "Kakalemba 600, dothi lanyowa motani?" Iye anayankha ndi zimene anawerenga pa intaneti. "Dothi la kuti limenelo?" anafunsanso aphunzitsiwo. Analibe yankho.

Loweruka lotsatira anapita kumudzi, nakumba dothi la katondo m'mbali mwa phiri la kuseri kwa mudzi wawo ndi lina lakuda la kudambo, n'kulithira m'thumba la feteleza. Kondakitala wa minibasi ataligwira thumbalo anafunsa kuti muli chiyani cholemera chotero. Atamva kuti ndi dothi, anayang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Achemwali, ku Blantyre dothi latha?" Analipiritsabe mtengo wa katundu.

Ku sukulu anapempha malo m'labotale ya ophunzira za misewu ndi zomangamanga, amene ali ndi uvuni woumitsira dothi ndi masikelo osalakwitsa. Anaumitsa dothilo pa madigiri 105 kwa tsiku lathunthu kuti madzi onse achoke, naliyeza kulemera, kenaka n'kumathira madzi oyezedwa pang'onopang'ono, uku akulemba nambala imene kachida kake kakusonyeza. Ntchito yake inali yotopetsa ndi yosaoneka bwino, ya matope m'zikhadabo, yosiyana kutalitali ndi zimene ankaganiza ali ku sekondale akamva mawu oti kafukufuku. Pamapeto pake anapeza kuti madzi ofanana amapereka manambala osiyana m'katondo ndi m'dothi la kudambo, ndipo onsewo sanagwirizane ndi a pa intaneti aja. Akanakhulupirira za m'mabuku a kunja, kachida kake kakanalira pa nthawi yolakwika. Dziko likhoza kugula makina kunja, koma dothi la kwa Likoswe liyenera kuyezedwa ndi munthu amene ali ndi uvuni, sikelo ndi chifukwa chokalikumbira.

Aphunzitsi ake anamuchenjezabe kuti asalonjeze zambiri. Kachidako kamadziwa kuti dothi lakhuta, koma sikadziwa tsiku limene phiri lidzagumuke. Kuti munthu afike ponena kuti apa ndiye poopsa, pafunika kusonkhanitsa manambala a nyengo zambiri za dzinja, m'mapiri ambiri. Atakafotokoza za ntchito yake kwa anyakwawa a m'mudzi mwawo, iwo anamvetsera mwaulemu, kenaka anafunsa mafunso awiri amene sanali m'lipoti lake. Loyamba linali lakuti ndani adzalondera kagalasi ka dzuwa kuti kasabedwe. Lachiwiri linali lakuti, "Nanga kakalira pakati pa usiku, mvula ili pakamwa, tithawire kuti, mwana wanga?" Iye analemba mafunso onsewo m'kope mwake, pansi pa manambala.

Kachidako anakazika m'munda wa bambo ake, chakumtunda, nakamangira mpanda wa minga poopa mbuzi. Madzulo a tsiku limenelo anapita kukhonde la sitolo atatenga mita yoyezera magetsi imene anagula ndi ndalama zotsala. Bambo ake anaitembenuza uku ndi uku, kenaka anatambasula dzanja pa shelefu natsitsa imodzi mwa mawailesi atatu aja.

"Tayeza iyi. Ine ndinati ndi kapasita."

Mtsikanayo anamasula kumbuyo, nagunditsa mawaya awiri a mita, nayang'ana manambala kwa kanthawi. "Ndi kapasitadi, bambo."

Anayatsa mbaula. Iye anakupiza moto, bambowo anawotcherera kachitini katsopano, ndipo wailesiyo inalankhula bwinobwino. Anaimvetsera pang'ono, kenaka bambowo anaizimitsa, anapukuta fumbi ndi mkono wa malaya, anakanikiza ndi chala kapepala ka dzina kamene kanayamba kumatuka, naibwezera pa shelefu.