Masiku Atatu m'Nyumba ya Mwini Munda wa Tiyi

Sukulu titatsekera m'mwezi wa Julayi, ife ana ndi adzukulu a mayi anga tinasonkhana ku Thyolo kukakondwerera zaka 84 za kubadwa kwao. Tinalipo anthu 19, kuwerengera ndi makanda omwe. Ndinene poyera kuti malipiro a mphunzitsi wa pulayimale sakadatha kulipira ulendo wotere. Anasonkha ndalama ndi ana a mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo malo anasankha ndi iwo omwe, osayamba atifunsa akuluakulufe.

Malowo ndi Satemwa, munda wa tiyi umene Maclean Kay wa ku Scotland anauyamba m'chaka cha 1923, m'munsi mwa phiri la Thyolo. Nyumba imene iye anamangira banja lake, yotchedwa Huntingdon House, anaikonzanso kuti muzigona alendo. Ili ndi zipinda zogona zisanu zokha, motero akuluakulu tinagona m'menemo, pamene achinyamata anapita ku Chawani, nyumba inanso yakale ya m'munda womwewo. Okonzawo sanafafanize ukale wa nyumbayo. Khonde lalitali likadali pomwepo, moto amasonkhabe m'chipinda chochezera, ndipo chipinda chilichonse chimatchedwa ndi ntchito yake yoyamba: china cha bambo, china cha mayi, china cholereramo ana, china chimene kale chinali chopemphereramo.

Tinafika madzulo kuli chiperoni, mvula yamawawa ikugwa, nkhungu itaphimba mizere ya tiyi. Ana anathamangira kukalowa pa khomo lakumaso. Ine ndinagwira amayi pa dzanja kuti tikwere makwerero, koma iwo anaima nji, nayang'ana uku ndi uku, ndi kuyamba kuzungulira nyumba. Nditawafunsa kumene akupita anati, "Khomo ilo ndi la eni ake, mwananga. Lathu lili kuseri."

Inu achinyamata amene mukuwerenga, mwina mukuti kumeneku ndi kusokonezeka kwa ukalamba. Iyayi. Bambo ao a amayi anali mmodzi wa Alomwe ambiri amene anachoka ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nadzakhala pa munda wina wa tiyi ku Mulanje. Munthu wokhala pa malo a mzungu masiku amenewo ankagwira thangata: mwezi umodzi wolipirira malo amene wamangapo nyumba, wina wolipirira msonkho, ndipo kawirikawiri miyeziyo inkatalika koposa m'mene anapanganira. Nthawi yake inalinso yomweyo ya dzinja, pamene tiyi amaphuka kwambiri ndiponso pamene munda wa mwini khasu ukufuna kupalira. Wokana ankamupitikitsa pa malopo. Thangata linathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, amayi ali kale namwali wamkulu. Pa utsikana wao wonse ankatumidwa kukapereka mazira ndi nkhuku ku nyumba ya bwana wa kumeneko, ndipo ankaima kuseri, pafupi ndi khitchini, kufikira wophika atatuluka. M'kati mwa nyumbayo sanaonemo ndi tsiku limodzi lomwe.

Usiku umenewo anagona m'chipinda cha mayi, koma m'mawa mlongo wanga anapeza kuti bedi lalikulu lija silinakhudzidwe. Iwo anayala bulangete pansi. Nkhaniyi itamveka pa chakudya cha m'mawa panabuka mkangano. Mdzukulu wina, amene akuphunzira mbiri yakale ku Zomba, anati talakwa kubwera ndi agogo ku malo owakumbutsa zowawa, ndi kulipiranso ndalama pamwamba pake. Msuweni wake wa ku Johannesburg anayankha kuti cholinga chake chinali chomwecho, kuti agogo aphikiridwe ndi kuyaliridwa m'nyumba yonga imene kale ankaionera kuseri. Mawu anakwera, ndipo ine amene ndazolowera kuweruza timilandu ta ana a Sitandade 6 ndinasowa chonena, pakuti onse awiri anali ndi mfundo.

Anathetsa mkanganowo ndi amayi eni ake. Anati, "Si pano pamene ndinakulira, ndipo anthu a pano sanandilakwire. Tandiperekezeni ku munda." Tinatsikira nawo ku mizere ya tiyi, ndipo kumeneko munthu amene dzulo lake ankachita mantha ndi khomo anasanduka mphunzitsi. Anaonetsa adzukulu kathyoledwe kake, masamba awiri ansonga ndi kamphukira kapakati, dzanja likuponya m'dengu la kumsana maso osacheuka. Anawafotokozera za kapitawo ndi sikelo yake, za kudzuka nkhuku zisanalire, za phala la mgaiwa lodyera chiimire. Ana amene pakhomo sachotsa maso pa foni anaima m'mame ola lathunthu, ndipo wophunzira wa ku Zomba uja analemba zonse m'kope lake. Zina mwa zimenezo ngakhale ine mwana wao ndinali ndisanazimvepo.

Zotsalazo zinali za chisangalalo wamba. Tinaona m'mene tsamba limafotera, kupotedwa ndi kuumitsidwa ku fakitale, tinalawa tiyi wakuda ndi wobiriwira, amene amayi anamukana kuti ndi madzi a masamba a mpiru. Nkhungu itayera tinakwera pa chitunda, ndipo tinaona phiri la Mulanje mbali ina ndi chigwa cha Shire mbali inayo. Madzulo a tsiku lachiwiri tinachita mapemphero a banja pa khonde lakumaso, amayi atakhala pa mpando wofewa pakati pathu, mnyamata wa pa nyumbayo atawagwadira ndi kapu ya tiyi wothira mkaka ndi shuga wambiri, monga anapemphera. Usikuwo anagona pa bedi.

Tsiku lochoka, katundu atalowa kale m'galimoto, amayi anasowa. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pa chitsa pafupi ndi khomo la khitchini, akucheza m'Chilomwe ndi mayi wina wotsuka mbale, akufunsana za midzi ndi mafumu a ku Mulanje. Anandiuza kuti ndiuze oyendetsa galimoto adikire, pakuti anali asanathe kulawirana.