Makina Olemba Zolankhula mu Ofesi ya Loya pa Ntcheu

Ntchito yanga ndi yotayipa zikalata za milandu. Ndimagwira mu ofesi ya loya wina pa boma la Ntcheu, ya zipinda ziwiri ndi khonde lodikirirapo anthu, chapafupi ndi msewu wa M1. Ndinaphunzirira pa taipilaita ya manja, ija yofuna kumenya mwamphamvu kuti pepala lachitatu la pansi pa kaboni liwerengeke, ndipo shotihandi ya Pitman ndinkailemba mosadodoma. Kale loya ankayendayenda m'chipinda akulankhula, ine ndikuthamangitsa pensulo. Kunabwera kaseti, kunabwera kompyuta. Lero abwana amangolankhula, mawu n'kumatuluka okha pa sikirini.

Ondidziwa akamva zimenezi amandifunsa mwachisoni ngati ntchito yandithera. Sinathe ayi. Zala ndizo zapumako, koma maso ndi makutu akugwira ntchito kuposa kale.

Makinawa si achilendo kunjaku. Pulogalamu ya Dragon NaturallySpeaking inatuluka ku America mu 1997, ndipo pali mtundu wake wopangidwira maloya, wodziwa kale mawu a m'malamulo. Kampani ya Nuance yomwe inali mwini wake inagulidwa ndi Microsoft mu 2022. Ubwino wa Dragon ndi wakuti imagwira ntchito m'kompyuta momwemo ndipo munthu angathe kuiphunzitsa mayina, koma mtengo wake ndi wa madola, ndipo ofesi yaing'ono ngati yathu siingaufike. Ife timadalira Dictate ya mu Microsoft Word, yomwe imafuna intaneti, ndi kamaikolofoni ka pa Gboard m'foni. Magetsi akathima kapena bandulo ikatha, timabwerera ku cholembera.

Pomwe makinawa amandisangalatsa ndi pa makalata a Chingerezi. Kalata yokumbutsa munthu ngongole, yopempha kuti mlandu usunthidwe tsiku, yoyankha loya mnzawo wa ku Blantyre, zonsezi abwana amazilankhula atangochokera ku khothi, nkhani ikadali m'mutu. Anazolowera kutchula okha "comma", "full stop" ndi "new paragraph". Kalata yomwe kale inkadya m'mawa wonse imatha tiyi asanazizire. Pamenepa sindingawanyoze makinawa.

Vuto limayamba pa mayina. Boma lino ndi la Inkosi ya Makosi Gomani, ndipo chikalata chilichonse cholumbirira chimayamba ndi dzina la munthu, mudzi wake ndi mfumu yake yaikulu: Njolomole, Kwataine, Makwangwala, Phambala, Ganya, Champiti. Makina omvera Chingerezi akamva Makwangwala kapena Kampepuza sakhala chete. Amasaka mawu a Chingerezi omveka mofananako n'kuwaika pamenepo. Choopsa n'chakuti mawuwo amakhala olembedwa bwino, choncho mzere wofiira uja wochenjeza suoneka. Wotayipa akaphonya chilembo, diso limagwira msanga. Makina akalakwa, chiganizo chimaoneka chosalala, ndipo munthu wotopa amangodutsa. Manambala nawo ndi chimodzimodzi. Pakamwa pa Mmalawi, "fifteen" ndi "fifty" zimayandikana kwambiri, ndipo K15,000 ikasanduka K50,000 m'chikalata cha ngongole, wina alira.

N'chifukwa chake ndinagwirizana ndi abwana kuti akafika pa dzina, pa ndalama, pa tsiku kapena pa nambala ya mlandu, azidumpha. Mipata imeneyo ndimadzaza ndine ndi zala, chitupa cha unzika chili pambali pa kiyibodi. Chiyambire kalembera wa zitupazi mu 2017, dzina la pa chikalata liyenera kufanana ndi la pa chitupa chilembo ndi chilembo, apo ayi ku banki kapena kwa a DC munthu amabwezedwa. Kuno tilinso ndi za m'malire. Ku Lizulu, ku Biriwiri ndi ku Tsangano, tsidya la msewu ndi Mozambique, ndipo alipo ambiri omwe dzina amalitchula Chichewa koma pa pepala linalembedwa Chipwitikizi. Khutu limamva Yowakimu, chitupa chikuti Joaquim. Izi makina sangazidziwe, pakuti chitupacho sachiona.

Mu 2024 Google inawonjezera Chichewa pa zilankhulo zomwe munthu angalankhule foni n'kumalemba. Ndinakondwa, ndipo polembera abale uthenga ndimagwiritsa ntchito. Koma zolembedwa za m'makhothi mwathu ndi za Chingerezi, pomwe obwera pa khonde lathu amalankhula Chichewa, china chake cha kumudzi kwenikweni. Pakati pa pakamwa pawo ndi pepala payenera kukhala munthu.

Taganizirani mayi wachikulire wochokera kumapiri a ku Tsangano, amuna ake amwalira osasiya wilu, ndipo akufuna chikalata cha chuma cha masiye. Amakhala pampando chammbali, chitenje atafunda, mapepala atawakulunga m'jumbo ya shuga. Sayamba ndi zomwe lamulo likufuna. Amayamba ndi matenda, ulendo wa ku chipatala, mvula ya tsiku la maliro, mbatata zomwe zinaolera m'munda. Ndimawasiya alankhule, chifukwa mfundo zili momwemo. Akati, "Malemu anasiya ana asanu ndi awiri," ine ndimafunsa, "Amayi, onsewo ndi obereka iwo, kapena ena ndi a achimwene awo?" Amayankha, "Atatuwo ndi a ang'ono awo, koma anakulira pakhomo pathu, ndi ana athu basi." Kwathu kuno zimenezo n'zoona. Koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limasiyanitsa mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake ku achibale ena omwe ankadalira malemuyo, ndipo chikalata chiyenera kunena bwinobwino uyu ndi ndani. Makina akanalemba "ana asanu ndi awiri" mokhulupirika, osafunsa kanthu, ndipo mkangano ukanadzabuka patsogolo pa majisitireti.

Ndikamaliza kutayipa ndimawawerengera chikalata chonse m'Chichewa, ndime ndi ndime, ndikuwayang'ana kumaso. Akakwinya nkhope ndimaima. Akavomera ndi mutu, m'pamene amapita kukalumbira ndi kudinda chala. Gawo ili la ntchito silifulumizika, ndipo sindifuna kuti lifulumire.

Palinso nkhani ya chinsinsi, yomwe imandivutitsa maganizo kuposa zonse. Kutayipa kulibe phokoso la mawu, koma kulankhula ndi makina kumafuna kukweza mawu, makamaka kuno komwe njinga zamoto za kabaza ndi oitanira minibasi sapuma, ndipo mvula ikagwa pa malata simumvana. Tsono loya akamafuula nkhani ya banja lomwe likutha, zipupa zathu n'zopyapyala, pa khonde pali anthu, ndipo pa Ntcheu timadziwana. Komanso mawu olankhulidwa ku Dictate amadutsa pa intaneti kukasandutsidwa zolemba ku makompyuta a kampani, kutali ndi ofesi yathu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo loya ali ndi udindo wosunga zomwe wauzidwa. Motero nkhani zokhudza ana, zogwiriridwa ndi za matenda, mu ofesi mwathu sizilankhulidwa ku makina. Zimenezo ndimatayipa ndekha, chitseko chotseka.

Atsikana ophunzira ntchitoyi masiku ano ena amati kutayipa mwaliwiro kulibenso phindu. Liwiro lokha mwina latsikadi mtengo. Koma wodziwa kalembedwe ka mayina a midzi ya boma lake, wodziwa kufunsa mwaulemu, wowerenga chiganizo mpaka pa mpumiro, ameneyo ofesi ya loya ikumufunabe.

Inu amene mudzabwere kudzalembetsa chikalata, kaya kwa ife kaya kwina, nyamulani chitupa chanu. Musadinde chala kapena kusayina musanamve zonse zolembedwazo m'chilankhulo chanu, ndipo dzina, mudzi ndi ndalama muuze wolembayo akuwerengereni kawiri.