Tinamutsekeretsa Ndife Tomwe

Bambo athu atamwalira, mng'ono wathu, amene anaphunzira usilikali ku MAFCO ku Salima, anapatsidwa masiku 7 oti adzakhuze maliro. Masikuwo atatha tinamuumiriza kuti atsaleko masiku 3, amayi ayambe akhazikika mtima. Anatichonderera, koma ife akulu ake sitinamve.

Atabwerera ku kampu anafikira m'chitokosi. Kwa asilikali, kujomba popanda chilolezo ndi mlandu. Mlandu waung'ono amaweruza mkulu wa gulu lake, ndipo angathe kudula malipiro kapena kutsekera wolakwayo. Waukulu, monga kuthawa usilikali, umapita ku khoti la asilikali.

Mng'ono wathuyo anadulidwanso malipiro amene ankagulira amayi chimanga. Abale, mwana wanu msilikali akanena kuti tsiku lakwana, muperekezeni kokwerera basi.