Nkhodolero ndi Mfunsiro

Mlembi wosalembedwa ntchito pa nyuzipepala iliyonse amasunga mabuku awiri: la ndakatulo ndi la ngongole. Loyambalo timalionetsa kwa anzathu monyadira, koma lachiwirilo ndilo limagula ufa. Ndakatulo iyi inapita ku nyuzipepala iti, tsiku liti? Inatuluka kodi? Nanga ndalama yake inabwera? Zolemba zikachuluka, kope silingathenso kuyankha mafunso otere msanga. N'chifukwa chake inetu, munthu wa dipuloma ya utolankhani, ndinakhala pansi ndi buku lophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta m'chinenero cha Python, makamaka mutu wonena za momwe pulogalamu imalankhulirana ndi database.

Database ndi nkhokwe ya uthenga. Mtundu umene bukulo limaphunzitsa unachokera m'maganizo a Edgar Codd, Mngelezi wodziwa masamu amene ankagwira ntchito ku IBM mumzinda wa San Jose ku America. M'chaka cha 1970 iye analemba kuti uthenga uzisungidwa m'matebulo a mizere yopingasa ndi yotsika, ndipo wofunsa azinena chimene akufuna, osati njira yokachipezera. Chinenero chofunsira, chimene lero timati SQL, anachiyamba Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce komweko ku IBM, ndipo mu 1974 ankachitchula kuti SEQUEL. Mu 1986 chinakhazikitsidwa kukhala muyezo wovomerezeka. Taganizani, abale anga, chinenero chachikulu msinkhu kuposa ine chikugwirabe ntchito m'mabanki ndi m'mafoni.

Phunziro loyamba linali lakuti chinthu chimodzi chizilembedwa kamodzi basi. Ndinapanga matebulo atatu. Loyamba la ndakatulo, iliyonse ndi nambala yake. Lachiwiri la manyuzipepala, iliyonse ndi nambala yakenso. Lachitatu silisunga mayina ayi, limangoti ndakatulo nambala yakuti inapita ku nyuzipepala nambala yakuti, tsiku lakuti, mtengo wake wakuti, yalipidwa kapena ayi. Nyuzipepala ikasintha dzina, mumakonza pamalo amodzi, kwina konse kwalongosoka. Zili ngati mfunda: mukamva kuti uyu ndi Phiri, simufunikanso kumufotokozera makolo ake onse nthawi iliyonse mukakumana naye. Mawu a SQL oti JOIN ndiwo amatsata manambalawo n'kulumikiza matebulo, mpaka yankho kutuluka la dzina la ndakatulo, la nyuzipepala ndi ndalama yotsala.

Koma mtima wa mutuwo unali pa mlatho wa pakati pa pulogalamu ndi nkhokwe. Ndinagwiritsa ntchito SQLite, imene Richard Hipp anaitulutsa mu 2000. Nkhokwe yonse imakhala m'failo imodzi, ndipo Python imabwera ndi chida chake cholankhulira nayo, moti simufunika intaneti kapena kugula kanthu. Ndondomeko yake njachidule. Mumatsekula khomo ndi connect, mumatenga mthenga wotchedwa cursor, mumamtuma ndi execute, akabwerako mumalandira mayankho ndi fetchall, kenako mumatseka khomo. Ndondomeko yomweyi imagwiranso ntchito pa nkhokwe zikuluzikulu monga PostgreSQL ndi MySQL, chifukwa anthu a Python anagwirizana kalembedwe kamodzi mu 1999. Amene amalemba m'chinenero cha Java ali ndi mlatho wawo wotchedwa JDBC, wa mu 1997.

Pali sitepe ina imene bukulo linabwereza kangapo: commit. Mukhoza kulemba kuti nyuzipepala yakuti yalipira, n'kuona ndi maso anu kuti zalembedwa, koma ngati simunanene commit, magetsi akazima zonsezo zapita. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chifukwa chake n'chomveka. Ndalama ikamachoka m'thumba la uyu kupita m'thumba la uyo, zolemba ziwirizo ziyenera kuchitika zonse kapena kulekeratu zonse. Pakati pakavuta, rollback imabweza zinthu mmene zinalili. M'dziko limene magetsi amathima osatsanzika, phunziro limeneli silifuna mphunzitsi wokuwa.

Tsopano ndifike pamene pananditsitsimutsa ngati mlakatuli. Mu SQL, mawu wamba amatsekeredwa pakati pa tizizindikiro tiwiri tofanana ndendende ndi nkhodolero yathu ija ya mu ng'ombe ndi m'mudzi. Bukulo linachenjeza kuti musamamate mawu olembedwa ndi munthu mwachindunji m'kati mwa lamulo. Ndinafuna kuona ndekha, choncho ndinayesa dala ndi liwu loti ng'oma. Nkhokwe inawerenga ng, itafika pa nkhodolero inaganiza kuti mawu athera pomwepo, ndipo oma yotsalayo inaiyesa lamulo. Lamulo loti oma kulibe. Pulogalamu inaima, n'kudandaula.

Poyamba ndinaseka. Kenako ndinazizidwa, chifukwa khomo limene ng'oma yalowera mosadziwa ndi lomwelo limene mbala imalowera mwadala. Munthu akhoza kulemba nkhodolero m'malo mwa dzina lake, n'kutsatiza lamulo lake, nkhokwe n'kumvera ngati kuti walamula ndi mwiniwake. Akatswiri amati SQL injection, ndipo zinalembedwa poyera kuyambira mu 1998. Mu 2015 kampani ya mafoni ndi intaneti ya TalkTalk ku Britain inaberedwa motero uthenga wa makasitomala pafupifupi 157,000, ndipo chaka chotsatira inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Zonsezo chifukwa chosasiyanitsa mawu olamula ndi mawu ongonyamulidwa.

Mankhwala ake ndi mfunsiro. Mumalemba lamulo lanu, ndipo pamalo pa dzina mumaikapo chizindikiro cha ? basi. Dzinalo mumalipereka padera, ngati kalata yomata m'manja mwa mthenga. Mthenga sawerenga kalatayo kuti aimvere, amangoipereka. Nditachita zimenezi, ng'oma, ng'ona, m'dambo ndi mitu yonse ya ndakatulo zanga zinalowa bwinobwino, nkhodolero zake zili zonse.

Apa mpamene ndinaona kuti nkhaniyi si ya akatswiri okha. Mabuku ambiri otere amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mayina a m'zitsanzo zake kawirikawiri sakhala ndi nkhodolero. Kwathu kuno nkhodolero ili paliponse: m'mayina a anthu, a midzi, a mitsinje. Wolemba pulogalamu waulesi, poona kuti dzina la Ng'oma likumuvutitsa, amangoletsa nkhodolero m'mafomu ake. Mwini dzina amasanduka Ngoma, papepala lina n'kukhalabe Ng'oma, ndipo tsiku lolandira ndalama amauzidwa kuti ndi anthu awiri. Wavutika munthu, pamene vuto linali m'mzere umodzi wa pulogalamu.

Choncho kwa achinyamata amene mukuphunzira ntchitoyi m'makoleji athu, pempho langa ndi laling'ono. Mukamaliza pulogalamu yanu, musanaipereke kwa bwana, iyeseni ndi mayina a kumudzi kwanu. Lembanimo Ng'ombe, lembanimo Mang'anja, lembanimo dzina la agogo anu monga momwe iwo amalitchulira. Ikawalandira osawadula, ndiye kuti mwatsekanso khomo limodzi la mbala.