Zolemba za Pensulo M'mimba mwa Ampu

Ndinaigula pa Sinda, kwa bambo wina wogulitsa zitsulo zakale m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Lusaka. Inali pakati pa mahinji, mapampu a njinga ndi makasu opanda mipini: chibokosi chachitsulo cholemera, cha dzimbiri m'makona, pamwamba pake pataima mababu asanu agalasi. Kutsogolo kunali timabowo tinayi pamene kale panali kachitsulo ka dzina la amene anaipanga.

"Iyi ndi ya ku Germany, bwana. Ya 1945, ya pankhondo," anatero wogulitsayo. Anayambira pa K800, tinagwirizana pa K400.

Ntchito yanga ndi kukonza mafoni pa Katete Stores. Ndinali nditaona pa Facebook kuti ku Lusaka kuli anthu ofuna ma ampu akale a mavalavu, ndipo salimbana pa mtengo. Usiku womwewo ndinaijambula n'kuiika pa intaneti. Chaka cha 1945 ndinaona kuti chanyanya, ndiye ndinachotsako ndekha n'kulemba kuti ndi ya m'ma 1950, sinatsegulidwepo. Sindinadziwe chilichonse mwa ziwirizi. M'mawa mwake munthu wina anayankha kuti ngati ikulira, ndipo ili monga ndakambira, adzapereka K6,000. Panthawiyo ndinali ndi nkhongole ya lendi ya shopu ya miyezi itatu.

Ndinalumikiza sipika, n'kulowetsa pulagi. Mababu anayamba kuyaka pang'onopang'ono, sipika inayamba kung'ung'udza, kenako kachitsulo ka mkati mwa babu limodzi lalikulu kanafiira ngati khala la mbaula. Panamveka fungo la phula lopsa. Ndinazula pulagi, n'kutembenuza ampu, n'kupisa chala kuti ndione chimene chatentha. Chimene chinandimenya sindidzachiiwala. Dzanja lonse linachita dzanzi mpaka m'phewa, pamene pulagi inali gone pansi. Batire la foni silifika ngakhale mavolti 5. Muno munali mavolti opitirira 300, osungidwa m'makapasita ngakhale magetsi atachotsedwa.

Amayi atamva anangoti, "Pita nayo ku Vubwi, ambuye ako akaione isanakuphe."

Ambuyewo ndi amalume awo a amayi. Ali mnyamata anaphunzira kukonza mawailesi m'sitolo ina ku Fort Jameson, dzina la Chipata lisanabwere. Wailesi yoyamba imene anaiona inali ija ya buluu yooneka ngati poto, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949 kuti anthu akumudzi azimvera siteshoni ya ku Lusaka. Lero maso awo ali ndi nkhungu ndipo manja amanjenjemera. Ndinakulunga ampu m'bulangeti, n'kukwera nayo kudzera ku Chadiza, chigawo chomaliza pa njinga yamoto nditaifungata pamiyendo.

Sanandifunse za mtengo. Anandifunsa ngati ndinaiyatsa, ndipo nditavomera anapukusa mutu.

"Munthu wagona zaka makumi anayi, iwe ukumudzutsa ndi kumuthamangitsa? Kuthamanga si kufika, mdzukulu."

Anandiuza kuti ndizule mababu limodzilimodzi n'kuwawerengera zolembedwa. Iwo sawatcha mababu, amati mavalavu. EF86, ECC83, EL84 awiri, EZ81, onse a Mullard. Asanamve lomaliza anali atayamba kale kumwetulira. Anati kampani ya Mullard ya ku England inafalitsa pulani ya ampu ya mavalavu asanu ndi mawati khumi mu 1954, yotchedwa 5-10, kuti anthu azigula mavalavu ake, ndipo tikampani tating'ono ndi anthu wamba anapanga ma ampu ambiri potsatira pulaniyo. Valavu ya EL84 yeniyeniyo kunalibe mu 1945. Germany ndi nkhondo zinathera pomwepo.

Mtima unakhala pansi. Ngati pulani ndi ya 1954, ndiye kuti m'ma 1950 mwanga munali mukadalimo.

Kenako anandiuza kuti ndipukute galasi la valavu chakumunsi, ndiliyang'anitse kudzuwa. Panali tizilembo totuwa, tosaoneka msanga, tozokotedwa pagalasi pomwe. Pa EL84 mmodzi panali B3C2. Ambuye anamasulira ngati akuwerenga kalata: B ndi fakitale ya ku Blackburn, 3 ndi nambala yomaliza ya chaka, C ndi mwezi wachitatu, Malichi, chifukwa A ndi Januwale, ndipo 2 ndi sabata yachiwiri.

"1953!" ndinatero.

"Kapena 1963. Kapena 1973. Nambala imodzi imabweranso pakapita zaka khumi. Mboni imodzi siitha mlandu. Funsa ina."

Mboni yachiwiri inali kapasita yaikulu yooneka ngati chitini cha aluminiyamu. Nditapala fumbi ndi chikhadabo, panatuluka chidindo: OCT 62. Solder yake inali yakale, yofanana ndi ya malo ena onse, kusonyeza kuti palibe amene anaisinthapo. Ampu singakhale yakale kuposa chiwalo chimene inabadwa nacho. Mavalavu ena atatu nawonso anali a B3. Yachitatu inali nthambo ya magetsi: mawaya ake anali ofiira, akuda ndi obiriwira, mitundu imene Angelezi anasiya cha m'ma 1970 pamene anayamba ofiirira, a buluu ndi obiriwira osakaniza chikasu. Zonse zinaloza ku 1963, chaka chomaliza cha Federation, dziko lino likadali Northern Rhodesia.

Zaka za m'ma 1950 zinapita. Chinatsala ndi chakuti sinatsegulidwepo, ndipo nachonso sichinachedwe.

EL84 wachiwiri anali ndi chaka china, B9. Ambuye anati ndiyang'ane kuseri kwa chitsulo chotsekera pansi, chifukwa amisiri a nthawi yawo ankalemba kumeneko. Ndinali nditachitsegula kangapo osaona kanthu. Nditachipendeketsa kudzuwa, panaoneka mizere itatu ya pensulo. Woyamba unati fyuzi, 7/6. Wachiwiri, wa dzanja lina, unati valavu, K2.50. Wachitatu unali wofufutika, mtengo wokha ndiwo unkaoneka.

"Masheleni asanu ndi awiri ndi sikisi," anatero ambuye. "Ameneyo anakonza kwacha isanabwere. Kwacha inabwera mu Januwale 1968. Winayo ndi wa pambuyo pake, ndi amene anaika valavu yako ya 1969."

Anapempha kuti ndiwagwiritse chala mkati, nditatsimikiza ndi mita kuti mulibe moto. Anapapasa mpaka anapeza marezisita awiri opotedwa pamodzi pamalo pa imodzi. Anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anati mu 1973, pamene malire a ku Rhodesia anatsekedwa, zipangizo zinasowa, ndipo mmisiri aliyense ankaphatikiza zimene ali nazo kuti apeze nambala yofunika. Sanakambe kuti ndi iwo anapota. Anati anthu ambiri ankachita choncho, ndipo amene anapota awa ankadziwa ntchito.

Ndinawauza za munthu wa ku Lusaka ndi K6,000 yake. Ndinati pensulo imafufutika ndi malovu chabe.

"Fufuta, ndi katundu wako," anatero. "Koma anthu atatu anakulembera zimene anachita kuti usavutike. Wachinayi udzamusiyira chiyani?"

Ndinabwerera ku Katete ndi pepala la malangizo limene anandilembetsa. Ntchito inatenga masabata asanu, usiku nditatseka shopu, masiku amene malaiti analipo.

Chimene chinafiiritsa valavu chinali kanthu kochepa ngati chala. Pakati pa ECC83 ndi ma EL84 pali tikapasita timene timalola nyimbo kudutsa koma timatsekereza magetsi aakulu. Takaleto tinapangidwa ndi pepala lokutidwa phula. Pepala likayamwa chinyontho kwa zaka zambiri, magetsi amayamba kudontha n'kufika pa valavu yaikulu, ndipo imakoka moto wopitirira muyeso. Ndikanaisiya mphindi zina zochepa, thiransifoma yopita ku sipika ikanapsa, ndipo imeneyo ndiyo simungaipeze paliponse kuno. Ndinachotsa tonse ta pepala n'kuika ta pulasitiki ta mavolti 630, timene ndinazula m'ma TV akale a chimimba kwa mnzanga wokonza ma TV. Makapasita aakulu ndinaitanitsa ku Lusaka, anabwera pa basi. Chitini cha OCT 62 ndinachisiya pamalo pake, ndinangodula mawaya ake n'kubisa atsopano kunsi. Nthambo ya magetsi ndinasintha, waya wa earth n'kuumangirira pachitsulo ndi bawuti. Marezisita ndinayeza imodziimodzi. Asanu anali atachoka kutali ndi nambala yawo. Awiri opotedwa aja anali bwinobwino, ndipo ndinawasiya.

Lamulo lalikulu papepala la ambuye linali la babu. Poyatsa koyamba, magetsi ayambe adutsa m'babu lakale la mawati 100 asanafike ku ampu. Ngati mkati muli vuto, babu limawala kwambiri n'kudya moto umene ukanawotcha zinthu. Ngati zili bwino, limawala pang'ono kenako n'kuzirala. Mababu otero asowa masiku ano, langa ndinabwereka kwa mayi wina woweta nkhuku amene amafunditsira anapiye. Lamulo lachiwiri linali lakuti ampu ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika. Lachitatu, dzanja limodzi m'thumba nthawi zonse poyeza.

Babu linawala, n'kuzirala. Mavalavu anayaka mofatsa, popanda lofiira. Sipika inali zii mpaka nditalumikiza foni.

Usiku womwewo ndinalembera munthu wa ku Lusaka. Ndinamuuza kuti ndi ya 1963, yakonzedwapo katatu ine ndisanaigwire, valavu imodzi si yobadwa nayo, ndipo ndinamutumizira zithunzi za zonse zimene ndasintha. Anayankha kuti ngati ndi choncho apereka K2,500. Ndalamayo inali yokwana lendi ya mwezi umodzi ndi theka. Ndinati ndiganize. Ndinapita kwa eni nyumba kukapempha kuti ndizilipira pang'onopang'ono, ndipo anandinyoza pamaso pa makasitomala asanavomere.

Mwezi wotsatira ambuye anabwera ku chipatala cha St Francis kudzaonetsa maso. Pobwerera ndinawatengera kushopu, n'kuwakhazika pa mpando wa makasitomala. Ndinawafunsa nyimbo imene akufuna, anati iliyonse ya Alick Nkhata. Anamvetsera atatseka maso, dzanja atalitambasula pamwamba pa mavalavu ngati akuwotha moto. Anyamata a njinga zamoto anasonkhana pakhomo, wina anafunsa ngati ili ndi Bluetooth. Nyimbo itatha ambuye anati kuli kaphokoso kochepa pansi pa mawu, ndisunthe mawaya a mavolti 6.3 otenthetsa mavalavu atalikirane ndi EF86. Ine sindinali kukamva. Nditasuntha, kanatha, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti kanalipo.

Pa benchi yanga pamadutsa mafoni khumi kapena kuposa pa tsiku. Ambiri mwa iwo sadzafika zaka zisanu, ndipo mkati mwake mulibe malo olembapo chilichonse. Ampu ikadali pashelefu kuseri kwanga. Mwina ndidzaigulitsa lendi ikadzandipananso, sindingalumbire. Koma ndisanamange chitsulo cha pansi ndinatenga pensulo n'kulemba mzere wachinayi: makapasita onse a pepala, marezisita asanu, nthambo, Katete, ndi mwezi ndi chaka. Pa mtengo ndinalemba K400 ndi dzanzi la dzanja limodzi.